Nsapato Zofiira za Azakhali a Mal-sun

Azakhali anga a Mal-sun akhala akugulitsa kimchi, kabichi wovunditsa ndi mchere ndi tsabola, komanso tinsomba touma mumsika wa ku Gunsan kuyambira ndili kamwana. Sanakwatiwepo. Mwamuna wawo ndi kawayilesi ka kanema kamene kali pamwamba pa firiji, ndipo amakangana nako masana alionse, nthawi imene amabwereza masewero akale achikondi aja.

Masewero ake ndi omwe aja. Mnyamata akudikira pasiteshoni ina, mtsikana pa ina, mvula ikukhuthuka. Kalata yagwera kuseri kwa kabati. Azakhali amawadziwa onse pamtima, koma amakalipabe ngati akuwaona koyamba.

"Tangomuuza, chitsiru iwe! Pakamwa unapasiya kunyumba?"

Zimenezi zinkandipsetsa mtima, chifukwa nkhani yawo ndinkaidziwa. Moyang'anizana ndi benchi lawo pali kashopu ka a Pyo, osoka nsapato. Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, a Pyo akadali mnyamata, anasokera azakhali nsapato zofiira n'kuzisiya pabenchi osanena kanthu. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti wokondedwa sapatsidwa nsapato, amazivala n'kukuthawa. Azakhali anati munthu wosoka nsapato sangaiwale zimenezo, ndiye kuti akundiuza kuti ndizipita. Anapitadi. Anakagwira ntchito kufakitale ku Busan zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pobwera anapeza a Pyo ali ndi mkazi ndi mwana.

Kuyambira pamenepo moni wawo unali umodzimodzi. "Mwadya?" "Ndadya." Ngakhale mkazi wa a Pyo atamwalira, sanaonjezerepo liwu.

Mwezi watha a Pyo anamata pepala pachitseko. Akutseka shopu Loweruka, mwana wawo akudzawatenga kuti azikakhala naye ku Incheon. Azakhali anawerenga n'kubwerera kukanema kwawo. Tsiku limenelo anathira mchere kawiri m'kabichi.

Ine zinandikwana. Lachinayi ndinatenga nsapato yanga yabwinobwino kuti akaikhome chidendene.

"A Pyo, mundikhululukire, ndine mwana. Koma azakhali munawathamangitsiranji ndi nsapato zija?"

Analavulira m'manja timisomali tomwe analuma. "Kuwathamangitsa? Ndinasoka milungu itatu! Ndikanawapatsa chiyani ine, munthu wosadziwa ntchito ina? Ndimadikira kandalama."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mwambo womwewo uli ndi mankhwala ake. Wolandira nsapato akapereka kandalama kachitsulo, ngakhale ka mawoni khumi okha, ndalama yochepetsetsa kwathu kuno, zimakhala ngati wagula. Tsoka lija limafa, ndipo iye wanena kuti sapita kulikonse. A Pyo anadikira masiku asanu. Lotsatira lake anamva kuti azakhali akwera sitima.

Ndinathamangira kukawauza azakhali. Anamvetsera maso ali pakanema, pomwe mtsikana wina amalira pawindo la basi.

"Ukuyesa za kandalama sindinkazidziwa?" anatero motsitsa mawu. "Ndinakafumbata masiku asanu. Koma akanati, 'Sungani ndalama yanu, mayi,' nkhope ndikanaiika kuti?"

Chifundo chinandigwira, koma ukali unaposa. "Azakhali, pakamwa munapasiya kunyumba?"

Anandimenya ndi kansalu kopukutira mbale.

Loweruka m'mawa kanema sanayatse. Anabwera ndi kabokosi kofumbwa m'makona, n'kuwoloka kanjira ka pakati pa benchi lawo ndi kashopu kaja. Ndi mapazi asanu ndi limodzi basi, ndinawerenga. A Pyo anali akulongedza zida, mwana wawo akuliza hutala ya lole panja. Azakhali anaika kandalama pathebulo, kanalira kuti ngwe.

A Pyo anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakatola n'kukaika m'thumba la pachifuwa.

"Mwachedwa nako."

"Kunali makasitomala."

Azakhali anatulutsa nsapato zija m'kabokosimo, zofiira ngati zasokedwa dzulo, zosapondapo pansi. Anayesa kuvala, koma phazi la munthu amene waima pamsika zaka zonsezi silofanana ndi la mtsikana. Linakana.

"Zikuthina," anatero azakhali.

A Pyo anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kugwira phazilo ndi manja awiri. Ine misozi inali itayamba kale, ndisaname.

Mwana wawo anasuzumira pakhomo. "Bambo, tichedwa."

"Tsitsa katunduyo," anatero a Pyo osatembenuka. "Kasitomala wadandaula. Kufutukula nsapato izi kumafuna nthawi."