Adzachisenza Ndani?

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ababa anabwerako ku migodi ya ku Joni atatenga zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi gumbagumba. Chifuwacho palibe anachilabadira. Maso a mudzi wonse kwathu kwa Champiti anali pa chiwailesi chija, chachikulu ngati bokosi la zovala, choimba mbale za nyimbo, chokhala ndi timagetsi tobiriwira kutsogolo. Anthu ankavula zipewa polowa m'nyumba mwathu, ndipo sindikhulupirira kuti ankavulira ababa.

Kumudzi kunalibe magetsi, choncho chinthucho chinkadya batire la galimoto. Likatha, linkayenera kupita kwa Nsipe, kwa bambo wina wowotcherera zitsulo amene ankatchajanso mabatire. Njinga tinalibe. Mwana wamkulu ndinali ine.

Amene sanasenzepo batire la galimoto asandiuze za kulemera. Amayi ankandipindira nkhata ya chitenje chakutha, ababa n'kunditwika, ine uyo m'njira ya fumbi, khosi likulira, madzi a m'batire akukhuvuka pamutu. Ndikabwerako anthu ankavina pabwalo, ine ndili gone pamphasa. Ababa ankangoti, "Mwaimva kulira kwake? Ntcheu yonse ino kulibe ina."

Tsiku lina ndinapita nditavala malaya a sukulu, poti enawo anali asanaume. Potsika pamtsinje ndinapunthwa, asidi n'kutayikira paphewa. Ndinangomva kuyabwa basi. M'mawa mwake malayawo anali ngati adyedwa ndi chiswe, ukangogwira nsalu inkayoyoka. Kusukulu anandibweza, akuti wopanda yunifolomu asalowe. Pamene malaya ena anapezeka, anzanga anali atalemba kale mayeso, ndipo kalasi imeneyo ndinabwereza.

Tsiku la malayalo ababa anasolola lamba kuti andikwapule chifukwa cha asidi wotayika. Amayi, amene sankayankha amuna awo pagulu, anaima pakati pathu n'kutambasula sanza zija.

"Bambo a Yohane, pogula chinthuchi munaona kuwala kwake. Munafunsako kuti adzachisenza ndani?"

Ababa anatsokomola nthawi yaitali, kenako anabwezera lamba m'chiuno. Gumbagumba inafunditsidwa nsalu, n'kusanduka poika nyali mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Chaka chino mwana wanga Tadala wasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za kasungidwe ka mabuku, ntchito ya m'laibulale. Ine ndinkayesa mabuku amangofuna mashelefu ndi munthu wopukuta fumbi. Ayi ndithu, akuti popanda laputopu usabwere. Mbatata yonse ya kachewere imene ndinakumba inathera pamenepo, ndipo ndinkadziwa kuti tikalakwitsa posankha, ina sindingagule, mwanayo akavutika nayo mpaka kumaliza.

Tinalowa m'kashopu kena pa boma kogulitsa malaputopu ogwirapo kale ntchito. Wogulitsa, mnyamata wa pakamwa poterera, anatsitsa chilaputopu chakuda. "Bigi, tengani iyi. Sikirini yaikulu, magemu onse imakoka. Kusukuluko anthu azikamupatsa ulemu." Atayatsa, mabatani onse anawala timagetsi tobiriwira. Khosi langa linayamba kuwawa pomwepo.

"Tadala, ukachita nayo chiyani kwenikweni?"

"Kulemba, ababa. Kulowetsa maina a mabuku ndi owalemba, kuwasanja, kufufuza pa intaneti. Anatiuza kuti ikhale yosachedwa ukatsegula mapulogalamu angapo, ndi ya batire lokhalitsa."

"Magemu alipo?"

"Ayi."

"Ukagona kuti?"

"Kunja kwa sukulu. Malo a m'hositelo anatha, ndizikayenda wapansi."

"Magetsi?"

"Amazima ngati kuno."

Ndinauza Tadala kuti aike chilaputopu chija m'chikwama, pamodzi ndi chitchaja chake chonga njerwa, akafike nacho ku depoti n'kubwerera. Mnyamata uja analumpha. "Bigi, katundu satuluka asanalipiridwe!"

"Ndatsala ine ngati chikole. Ukuona ngati ndingathamange ndi mawondo awa?"

"Ababa, anthu akutiona," anatero Tadala chapansipansi.

"Aone. Odzakusenzera si iwowa."

Tadala anabwerako phewa limodzi litapendekeka. Apo, pofuna kuyesa mabatire, ndinalamula kuti azule kukhoma zingwe za chachikulu chija ndi za laputopu ina yaing'ono yotuwa, yokandika pakona, imene wogulitsa anaikankhira kumapeto. Mnyamatayo anati m'shopu mwake simuchitika zotero. Ndinakweza mawu mpaka telala wa khomo loyandikana anasiya makina kudzasuzumira. Mtima wanga ndi wapachala, ndipo pa msinkhu uno sindiupepesanso.

Tinakhala pabenchi, Tadala akulemba pa iyi, kenako pa iyo, kumvetsera mabatani ngati akumuyenera m'zala. Ine ndinali wotopa, kutopa kwa munthu amene walima chaka chonse kuti adzakangane ndi mwana wa eni pa nkhani ya chingwe. Chachikulu chija chinkapuma mpweya wotentha, ndipo posakhalitsa chinayamba kudandaula kuti batire latha. Yaing'ono ija inkangogwira ntchito mwakachetechete.

"Iyi, ababa," anatero Tadala, dzanja lili pa yotuwayo. Tinatenga imeneyo.

Kwa zaka zambiri ndinkawaona ababa ngati munthu wopanda nzeru. Lero sinditero. Munthu amene wakhala mumdima pansi pa nthaka amafuna kubwera kwawo ndi chinthu chowala, kuti anthu aone kuti sanapite pachabe. Inenso m'shopu muja, timagetsi tija titayaka, mtima unafuna kuti mwana wanga akalowe pa yunivesite ndi chinthu choti anthu avulire zipewa. Kungoti ine ndinasenzapo, ndiye ndikudziwa kuti wogula amapita kukagona, wosenza n'kutsala m'njira.

Tsiku lonyamuka, Tadala anakwera minibasi chikwama chili paphewa limodzi, khosi lili chilili. Ndinaima pamsewu mpaka galimoto itazimiririka, ndikusisita langali.