Njinga ya Atate ndi Apudeti ya Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ali ndi matenda osafuna kuona chinthu chikuyenda bwino. Ndi iwo analemba pulogalamu yoyendetsera pulinta yanga, makina aja oumba zinthu ndi pulasitiki yosungunula. Ndinkaitsegula pa foni n'kuikamo chithunzi cha chomwe ndikufuna, iyo n'kuchiduladula m'magawo opyapyala, pulinta n'kumasanja gawo pamwamba pa linzake. Kuno ku Makandanyama magetsi amangobwera kudzatizonda, koma pulogalamuyo inkakumbukira pomwe yalekezera. Akayaka, ntchito inkapitirira.

Pamene tinkamva zoti mnzawo wa atate watisiya, kanthu kogwirira tayala la njinga ya olumala ya atatewo kanali katathyoka. Awiriwa anakulira limodzi mukomboni ya mgodi, makolo awo atachokera ku Malawi, ndipo pa gulu lawo lonse anali atatsala okha. Atate anati kumanda apita, koma pa njinga yawo. Zonyamulidwa pamaso pa anthu anakaniratu.

"Ine si thumba la makala," anatero.

Ndinawauza kuti asadandaule, ndiwaumbira kena. Kutsegula foni, ha! Mabatani onse asanduka obiriwira, pakona kapulinta kojambula kakuvina. Eti apudeti, alamu aisintha pulogalamu ija. Ndinangoyambitsa ntchito. Itafika pakati, magetsi thii. Atayaka, makina anayambiranso pansi, kulavulira pulasitiki pa kanthu kosathako mpaka kanasanduka chisa cha mbalame.

Ndinawaimbira. "Alamu, kukumbukira kuja kwapita kuti?"

"Aa, kaja ndachotsa, kamangolemetsa pulogalamu. Ndayesa kuno, palibe vuto lililonse."

Kuno kwakeko ndi ku Highridge, kunyumba ya masola padenga, kumene firiji sinazimepo chiigulireni. Munthu wamkulu ndithu, wamasukulu ake, kuyesera ambulera m'nyumba!

"Bwezerani yakale ija, chonde. Ndi za atate izi."

"Sitibwerera m'mbuyo, alamu, dziko likupita patsogolo. Ndiona sabata yamawa. Koma mabataniwo mwawaona?"

Ndinadula foni ndisanalankhule mawu oti mlongo wanga adzandida nawo. Ndinayambanso, magetsi anazimanso. Ndinayesa kumanga tayalalo ndi waya, linangopendama atate asanakhalepo n'komwe. Alamuwo, kuti aoneke munthu, anatumiza uthenga woti abwera ndi galimoto. Atate anapukusa mutu. Galimoto imaima kumsewu, ndiye kuchokera pamenepo kukafika pamanda angayende bwanji?

Tsiku loika maliro magetsi anayaka m'mawa, ine n'kuyambitsanso. Atate anasamba, anavala suti yawo yakuda, ndinawakhazika pakhonde. Pulinta ili ng'ii ng'ii, yosafulumira, ine maso pa babu, mtima uli m'mwamba. Lole ya anamfedwa inadutsa kumsewu amayi akuimba. Atate anavula chipewa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, ndipo sindinawakhululukire alamuwo.

Kanthuko kanatha dzuwa litapendeka. Kanatuluka kosalala, kokongola, ndipo kanakwana bwinobwino. Ndinamanga tayala, ndinawakweza. Anadzipalasa okha mpaka pageti, n'kukumana ndi anthu akuchokera kumanda, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anaimitsa bambo wina woyandikana nafe.

"Mwamuika bwino?"

"Tamuika bwino, madala. Timakuyang'anani."

Atate anagwedeza mutu, anatembenuza njinga, nabwerera pakhonde.

"Tandivula jeketeli," anandiuza.