Sadaka ya Utsi

Che Sefu anaphunzira ukalipentala mbawa ndi mlombwa zisanayambe kusowa ku Namwera. Mitengo itatha, nawonso anayamba kukhoma makabati a mabodi, matabwa aja a utuchi woumbidwa ndi guluu. Ankawanyoza kuti ndi chigumu chosadyeka, koma akwatibwi a pa Mangochi ankafuna omwewo, ndiye akanatani?

Kuumira sankakudziwa. Lachisanu lililonse, asanapite ku mzikiti, ankalongedza zidutswa za mabodi m'thumba n'kukatula kwa achemwali awo a Nuru, mayi wamasiye wowamba nsomba, kuti azisonkhezera. Imeneyo ndiyo inali sadaka yawo, chopereka chothandiza osowa. A Nuru pakamwa pawo panali ngati wailesi, ndipo ngakhale kuthokoza kwawo kunkadzera m'kukalipa.

Kenaka wailesi ija inayamba kuzima. A Nuru ankatsokomola mpaka kugwira khoma, maso ali psuu, mawu atasasa. Anthu anayamba kunong'ona za chifuwa chachikulu. Che Sefu mantha anawagwira zedi, pakuti m'banja lawo lonse anatsala awiri okha.

Kuchipatala anayeza makhololo, osapezamo kanthu. Adokotala anafunsa:

"Amayi, mumasonkhezera chiyani powamba nsomba?"

"Nkhuni za achimwene angawa. Zimayaka bwino, kungoti utsi wake umaluma."

Che Sefu atafotokoza za mabodi, adokotala anapukusa mutu.

"Bambo, zimenezo si nkhuni. Akuwotcha guluu, n'kumapuma utsi wakewo."

Mkuluyo anabwerera kwawo khosi lili zyoli. Kuyambira tsikulo palibe chidutswa chinalawanso moto. Zokulirapo ankakhomera timashelefu ndi timipando, ndipo pa makina ochekera anamangirirapo thumba lokola fumbi. Sadaka sanaisiye, koma tsopano ankatula mtolo wa nkhuni zenizeni. Komabe mtima sunakhale m'malo, chifukwa achemwali awo ankangoyankha ndi mutu.

Patapita miyezi, Lachisanu lina anachedwa ndi mtolowo. Anangoona a Nuru atulukira pa shedi yawo ya ukalipentala, manja m'chiuno.

"Che Sefu! Nsomba zanga ziwole chifukwa cha inu? Munthu wamkulu, ndevu mbuu, kudikira kuti ndikutsatireni?"

Anakalipa osapumira, mpaka kufukula za mbuzi imene Che Sefu anataya ali mwana. Che Sefu anangoima, hamala ili m'manja, mano onse pamtunda.

"Nanga mukusekerera chiyani?"

"Alhamdulillah! Pitirizani, achemwali. Chiyambireni simunatsokomole n'kamodzi komwe."