Mwana wa Atelala Sagwira Mpeni

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsalu anali munthu wa pakamwa. Makina akayamba kulira nawonso ankayamba zawo, moti wobwera kudzangofupikitsa buluku ankachoka atamva mbiri ya banja lonse. Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Koma anali ndi chikhulupiriro chimodzi chosagwedezeka: mmisiri ndi amene wagwira sizasi. Wogwirizira nsalu, wosita, woika mabatani, onsewo ndi ongoperekeza.

Ndiye tangoganizani tsiku limene mwana wawo wamkazi, yemwe anamuphunzitsa ndi singano mpaka kukhala dokotala, anawauza kuti wasankha ntchito yogoneka anthu pa opaleshoni ndi kusamalira odwala mwakayakaya.

"Sukulu yonse ija kuti uzikagoneka anthu?" anatero atelala. "Amayi ako ankakugoneka iwe opanda satifiketi. Nanga mpeni azigwira ndani?"

"Azigwira ena, bambo. Ine ndiziona kuti munthuyo adzuke."

Atelala zinawachititsa manyazi. Pakhonde anayamba kuuza anthu kuti mwana wawo ndi dokotala wong'amba anthu, ndipo bodza likazolowera limamera nthambi: mwezi uno wachotsa chotupa chachikulu ngati dzungu, mwezi winawo wasoka mtima. Amene ankamva zonsezi tsiku ndi tsiku anali mnzawo wosoka nsapato pakhonde lomwelo, yemwe anthu ankangomutcha a Chidendene. Iwo ankangogwedeza mutu, misomali ili kukamwa.

Mwanayo anapitiriza maphunziro n'kuyamba kafukufuku m'zipatala zing'onozing'ono. Atawaitana bambo ake kuti akamve zotsatira zake pamsonkhano, iwo ananamizira kuchuluka kwa mayunifolomu a ana asukulu. Chenicheni ankaopa kukakumanako ndi kasitomala wawo.

Tsiku lina a Chidendene anagwa pampando atagwira pamimba. Kuchipatala anati matumbo apotana. Akazi awo anamwalira kale, ana ali kutali, choncho wodwazika anakhala atelala. Podikira opaleshoni atelala sanaugwire mtima. Anauza namwino ndi wodi yonse kuti kwa iwo zachipatala si zachilendo, mwana wawo ndi dokotala weniweni, wa mpeni, osati aja ongogoneka anthu aja.

Wodwala atatuluka ku opaleshoni, namwino anamuika pabedi loyandikana ndi tebulo lake, anamugoneka chammbali n'kumupanitsa pachala kachipangizo koyeza mpweya m'magazi.

"Bambo, maso anu akhale pachifuwa apa," anatero namwinoyo. "Akaliza mkonono kenako n'kungoti zii, kapena milomo ikayamba kusintha mtundu, musayambe kuwakonzera bulangeti. Fuulani."

Chakumasana mkonono uja unadukadi. Chifuwa chinaima, kachipangizo kanayamba kulira, ndipo atelala anakuwa mpaka odwala ena anadzambatuka. Namwino anathamanga, anakweza chibwano cha a Chidendene, anakankhira nsagwada kutsogolo n'kuwaveka chopumira. Patapita kanthawi chifuwa chinayambanso kukwera ndi kutsika.

"Kale munthu wotere tinkamuika kumapeto uko, kuseri kwa chitseko, ati apume bwino," namwino anafotokoza akupukuta manja. "Timati ali m'tulo. Pobwera ndi mankhwala n'kumupeza atazizira, chonsecho opaleshoni inayenda bwinobwino. Ndiye kunabwera mayi wina, dokotala wogoneka anthu. Anazungulira zipatala kufufuza kuti anthuwa akufera pati. Anapeza kuti ambiri safera patebulo la opaleshoni ayi, koma muwodi, mankhwala ogonetsa asanathe m'thupi. Bedi ili, kachipangizoka, ngakhale zija ndinakuuzani zija, zonse n'zochokera m'kafukufuku wake. Zipatala zambiri zinasintha."

Kenako anatchula dzina la mayiyo, n'kuwayang'anitsitsa atelala.

"Ii, koma dzina la bambo ake likufanana ndi lanu. Ndi abale anu?"

Wodi yonse inatembenuka, anthu omwe aja anamva za dokotala wa mpeni m'mawa. Apa mpomwe munthu akanangoti inde, ndi mwana wanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma atelala anayang'ana nkhope zija n'kupukusa mutu.

"Mayina amangofanana, mayi."

Atangonena anamva kutentha kumaso, manyazi osowa nawo pothawira. Anakhala pansi n'kumakonzakonza ngodya ya bulangeti yomwe inali kale bwinobwino.

Dzuwa litapendeka a Chidendene anatsegula maso. Mawu ankatuluka movutikira.

"Achimwene, ndamva zimene mwayankha zija."

"Gonani inu, mwadwala."

"Ntchito ya mwana uja ndinaidziwa kalekale. Anabwera ndi nsapato yoti ndisoke inu mutapita kukagula ulusi. Ndinamufunsa za mtima anasoka uja. Anaseka, kenako misozi inalengeza m'maso. Anandipempha kuti ndisadzakutsutseni pagulu. Anati, 'Asiyeni, amalume, bambo anga akhaleko ndi mwana womunyadira.'"

Atelala anatuluka n'kukakhala pasitepe ya wodi, foni ili m'manja, osadziwa kuti mwana wawoyo amuyamba ndi mawu ati.