Amuna Khumi ndi Anayi a Mbumba Yathu

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu, poti ena mwa inu mwayamba kunena kuti nkhani zanga ndimazithira mchere. Oyamba ndi a Tembo, okonza njinga pa Katete. Achiwiri ndi Che Saidi a sitolo, amene sanamapo ngakhale pa sikelo. Wachitatu ndi mlongo wanga Nabanda, koma ameneyo musamufunse sabata ino. Watopa.

Mwana wa Nabanda, Ailedi, wa zaka khumi ndi chimodzi, ali m'chipatala cha mishoni mwezi wachiwiri tsopano. Adokotala akuti ndi lukimiya, matenda oti magazi amadziwononga okha. Sanatibisire: mankhwala ochiza alibe. Chimene angathe ndi kumuthira magazi a munthu wina kuti adzuke, adye, aseke masabata angapo. Lolemba anandiuza kuti, "Mubwere ndi amuna amphamvu."

Amuna amphamvu kwathu ku Mkaika ndi osayamba. Ndi omwe aja anakhala pabwalo tsiku lathunthu pamene bambo wa mwanayu, alamu anga a Sakala, anamutengera kuchipatala osapempha eni mbumba. Tinawakumbutsa kuti mkamwini alibe mwana, mwana ndi wa kuchikazi. Tinawalipiritsa nkhuku. Ine monga malume ndinalandira ntchafu.

Lachiwiri ndinapalasa njinga kukawaitana. Anavomera khumi ndi anayi. "Mwana ndi wathu," anatero, ena akudziguguda pamtima. Lachitatu m'mamawa tinanyamuka wapansi.

Pa dambo loyamba a Yohane anakumbukira kuti sanatseke khola. Ng'ombe alibe, koma khola alidi nalo, ndinalionapo. Awiri anabwerera kukawathandiza kutseka.

Titafika pa mseu waukulu, a Filipo anandikokera pambali.

"Achimwene, kodi n'zoona kuti magaziwo amawatsekera m'zitini n'kukagulitsa ku Halale? Masiku a boma la Chitaganya ano munthu sungadziwe."

"Bodza limenelo."

"Ndiye kuti mwaimva nkhaniyi inunso," anatero, nalowa patchire kukadzithandiza. Asanu anawatsatira. Mpaka lero akudzithandizabe. A Tembo anaona mmodzi wa iwo akupitirira lole ya fodya, wapansi, ndipo dalaivala anatsika kukaona ngati injini yazima.

Anayi anaima pa Che Saidi kuti amwe tiyi, magazi achuluke. Pakhomo la chipatala ndinafika ndi munthu mmodzi, nkhalamba a Gelesomu. Ndi ogontha. Ankayesa tikupita ku ukwati.

Ndiye ndinapereka mkono wanga. Anesi anatulutsa jakisoni wotalika ngati sipoko ya njinga. Pali amene akufalitsa kuti ndinakomoka. Sindinakomoke. Ndinagona pansi kuti ndiganize bwino, ndipo ndinaganiza theka la ola. Podzuka anandiuza kuti ayesa kadontho kanga, ndipo magazi anga sagwirizana ndi a mwana. Magazi a malume, mwini mbumba, wodya ntchafu.

Pa benchi panali a Sakala, atapinda mkono, kathonje kali pamtsempha. Anali atapereka kale magazi. Pambali pawo Che Saidi, nawonso kathonje. Atamva chimene abale anga ankamwera tiyi, anatseka sitolo masanasana n'kubwera. Chonsecho iwo Ailediyo samudziwa n'komwe.

"Mwadzuka, alamu?" anatero a Sakala. Ndikanakonda akananditukwana.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, sichiola. Koma sanatiuze kuti chili ndi liwiro.

Ndikudziwa chimene chidzachitike tsiku limene sindikufuna kulitchula. Onse khumi ndi anayi adzabwera, ndi ena makumi pamwamba. Palibe adzakumbukire khola. Adzagona panja pa mame, adzalira mokweza kuposa mayi wake, ndipo adzauza a Sakala kuti akhale kumbuyo poti maliro ali ndi eni ake. Kodi n'chifukwa chiyani ife timapeza miyendo ya ku maliro koma ya ku chipatala imatisowa? Kuti mwana aone abale ake onse pamodzi, ayambe watseka maso?

Dzulo Ailedi anakhala tsonga. Milomo yake yayambanso kufiira. Anadya mango awiri, nandiseka kuti anesi amuuza za kuganiza kwanga. Adokotala akuti pakatha masabata awiri adzafunikanso magazi, ndipo a Sakala ndi Che Saidi sangaperekenso msanga chotero. Zitini za ku Halale sindinazione. Ndinaona botolo limodzi, kapaipi, ndi mwana. Ngati muli ndi mkono, chipatalacho mukuchidziwa. Mukagona pansi kuti muganize, palibe adzakulembeni m'nyuzipepala. Ndalumbira.

Potsazika, Ailedi anandigwira malaya.

"Amalume, mukupitanso kumudzi?"

"Mawa, mama."

"Mukabwera nawo angati?"

"Khumi ndi anayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amachitira mayi ake.

"Mutenge chingwe," anatero.