Mchombo wa Mwana Wanga ndi Tambala Wakuda

Mwana wanga woyamba anabadwa chaka cha voti ya nyali ndi tambala, muja ankatifunsa ngati tikufuna zipani zambiri kapena chimodzi chomwecho. Tinkakhala ku Nkhorongo, kumapeto kwenikweni kumene nyumba za tauni ya Mzuzu zimathera n'kuyamba minda. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinachita kutsatira amuna anga. Pakhomopo tinalipo ife awiri ndi apongozi anga aamuna, amene akazi awo anali atatisiya kale.

Apongozi anga mbiri ya banja lawo ankaiwerenga ndi michombo. Akakhala pampando wawo wa ndalema, ine nditakhala chapatali monga mtengwa, ankayamba:

"Wa bambo anga uli ku Mozambiki, pansi pa chulu. Iwowo anawoloka malire wapansi, khasu paphewa, kuthawa zikoti za Apwitikizi. Wanga uli ku Mulanje, m'mbali mwa munda wa tiyi. Wa mwamuna wanuyu uli ku Kasungu, pa esiteti ya fodya, kuseri kwa chigafa. Chigafacho chinapsa. N'chifukwa chake mnyamatayu sakhazikika."

Atatopa ndi utenanti wa fodya, apongoziwo anakwera lole mpaka ku Mzuzu, ndipo banja lina la Atumbuka linawadulira malo olima. Anafika ndi mbewu ya nandolo m'thumba la jekete, koma kuzizira kwa kuno kunangoiseka. Anaphunzira mbatata ndi nthochi. Bambo amene anawapatsa malowo anamwalira, kunatsala akazi awo, omwe tonse tinkangowatchula kuti amama. Munda wawo ndi wathu unkasiyana ndi mzere wa chinangwa basi.

Chaka chimenecho kunabuka mphekesera. Ena ankati nyali ikapambana, obwera onse abwerera kwawo. Ena ankati tambala akapambana, obwera onse abwerera kwawo. Kwa ife zonse zinali kumanga mitolo. Apongozi anayamba kuyang'ana mbuzi zawo ndi maso a munthu wofuna kugulitsa.

Mchombo wa mwana utagwa, amama, omwe ankandisamalira m'chikuta, anaukulunga m'kansalu n'kundipatsa. Malo ndinali nditasankha kale, patsinde pa nthochi imene ndinabzala ndekha nditangofika kumene. Koma apongozi anakana.

"Mayi, umenewo upita ku Mulanje. Mdzukulu wanga sindingamukwirire m'dothi lobwereka. Mawa akatithamangitsa, atsale yekha kuno?"

Ndinadziwa kuti mchombo ukatsogola, mbuzi zigulitsidwa, kenako ife titsatira. Ku Mulanjeko ndinapitako kamodzi. Abale awo analibe malo ngakhale oti nkhuku n'kutembenukirapo, chimanga chinkayambira pakhonde penipeni. Kuno ndinali ndi nthochi zanga, dimba langa, ndi chipatala chofika wapansi. Ndinadandaulira amuna anga, amene ankakhoma mipando ku Zolozolo. Anati, "Tiona." Iwowo ngakhale nyumba ikupsa amati tiona.

M'mawa wina dzuwa litatuluka, zomwe ku Mzuzu mwezi umenewo sizichitika kawirikawiri, apongozi anati mchombo uyanikidwe kuti usakawole m'njira. Anaumasula okha, n'kuuika palichero pafupi ndi mpando wawo. Kenaka anayamba kuuza mwana wa masabata owerengeka za chulu cha ku Mozambiki.

Tinali ndi tambala wakuda bii, wamwano, wolowa m'nyumba ngati amalipira lendi. Ndinamuona akuchokera kunkhokwe. Ndinamuona akupendeketsa mutu. Koma ine ku Dedza anandilangiza kuti mtengwa sadula mawu apongozi akamalankhula, ndipo apa n'kuti m'nkhanimo bambo awo asanawoloke n'komwe malire. Ndinadikira mwaulemu. Pofika pa minda ya tiyi, tambala uja anali atameza, akupukuta mlomo pansi.

"Mayoo! Gwirani! Wameza mwana!"

Anakuwa motero apongozi, munthu wamkulu n'kudumpha mizere ya mbatata ngati mnyamata. Amama anatulukira ndi chipande m'manja akufunsa kuti wameza mwana ndani, ataona mwanayo ali kumsana kwanga anakhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Tambala anagwidwa m'chinangwa.

Madzulo amuna anga kwa nthawi yoyamba anapereka nzeru: timuphe, titsegule nthutumba, titenge chathu. Apongozi anawayang'ana ngati aona mfiti.

"Mpeni? Pamene pali mwana wako? Iwe chigafa chija chinakupsereza ndi mutu womwe. Tambalayu apita ku Mulanje wamoyo."

Ulendo sunali wa tsiku lomwelo, chifukwa anafuna ayambe akolola mbatata zoti akapatse abale. Ntchito yosunga tambala inagwera ine. Anati ndimumange chingwe kumwendo, pamalo a mthunzi, ndizimupatsa gaga ndi madzi, asadandaule. Mthunzi wabwino pakhomo ponse unali pa nthochi yanga ija. Ndinakhoma chikhomo pamenepo, ndipo gaga sindinkamumana ayi. Ndinkawonjezera ndi masamba a mpiru.

Tsiku la ulendo kunali kamvula kaja kowaza. Apongozi anavala jekete, tambala m'khwapa, atamufunditsa chitenje changa kuti asazizidwe, mutu wokha uli panja. Amuna anga anawaperekeza atasenza mbatata, ndipo ndi iwo anandifotokozera za kudepoti. Akuti poyamba ankayenda limodzi, koma atafika m'tauni amuna angawo anayamba kutsalira m'mbuyo dala.

Masiku amenewo Mzuzu yense anali wa nyali. Tambala wakuda chinali chizindikiro cha mbali inayo, ndipo munthu sankayenda naye poyera ngakhale wa ndiwo. Ndiye taganizani mkulu wa Chichewa cha kummwera akudutsa pakati pa anyamata oitanira basi, akusisita tambala wakuda wofunda chitenje.

"Monire adada! Abwana akudwala? Mukupita nawo kuchipatala?"

"Adulireni tikiti akhale pampando, ameneyo anazolowera mpando!"

"Akuthawa voti isanafike n'komwe!"

Apongozi anakwiya n'kukuwa kuti, "Ana opanda mwambo inu, muli mdzukulu wanga m'menemu!"

Akuti apo ndiye depoti yonse inagwa nacho chiseko, amayi ogulitsa nthochi mpaka kugwirana mapewa. Anyamata anandanda pambuyo pawo akuimba, zala ziwiri za mbali ya nyali zili m'mwamba. Kondakitala anaima pakhomo la basi n'kunena mwaulemu ndithu: "Yayi adada, pepani chomene. Basi iyi ili ndi magalasi, angatigende m'njira. Inu kwerani, koma alendo anuwo atsale."

Anabwerera onse atatu, ndi mbatata zomwe. Apongozi anakhala pampando osavula jekete, akuti mawa ayesa lole ya makala. Ine ndinabweza tambala pachikhomo chake.

Amama anabwera kudzawapepesa. Anakhala pamphasa, anawafunsa za ulendo, anapukusa mutu pamalo oyenera. Kenaka anafunsa ngati akufunsa za mvula:

"Kasi adada, nkhuku za ku Mulanje zikadya zimasunga m'mimba mpaka liti? Zathu kuno zimadya m'mawa, madzulo zatulutsa."

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono kupita pa nthochi paja. Pansi ponse pozungulira chikhomo panali zitosi, zakale ndi zatsopano, zina mvula itazilowetsa kale m'dothi. Anatola kamtengo n'kuyamba kutokosa chimodzichimodzi. Tinawasiya. Atatopa anaponya kamtengoko.

"Ndiye kuti ndinanyamula thumba lopanda kanthu."

"Mwana ngwakuno uyu," anatero amama. "Wabzalidwa ndi manyowa omwe."

Apongozi anatenga khasu, anakokera dothi patsinde pa nthochi ija mosamala, n'kupondaponda. Mbuzi sizinagulitsidwe. Voti inabwera n'kupita, ndipo palibe anatiuza kuti timange mitolo.

Tambala uja sitinamudye, apongozi ankati ndi wachibale. Anafa ndi ukalamba, akulowabe m'nyumba. Mwana uja chaka chino wayamba sukulu, ndipo mbiri ya michombo amaimva nthawi zonse akakhala pamiyendo pa agogo ake. Ikadutsa pa chigafa cha ku Kasungu, iwo amaloza nthochi n'kumaliza kuti, "Wako uli apo. Unadzera njira yokhota, koma unafika."