Ndinagula Lenzi Yaitali Pothawa Kupereka Moni

Inu owerenga, ine ndine wojambula zithunzi pa Ntcheu Boma, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba kale, nthawi ija tinkatumiza mafilimu ku Blantyre kuti akatsukidwe. Choncho pa zimene ndikuuzenizi sindinganamizire umbuli. Ndinagula lenzi yolakwika ndikudziwa bwinobwino, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaiona pa shelefu.

Ndinakwatira ku Bwanje, n'kukakhala chikamwini. Kumeneko mwamuna amadziwika ndi matope a m'munda wa mpunga, osati kamera ya pakhosi. Alamu anga, achimwene ake aakulu a mkazi wanga, ndiwo anali eni mbumba, ndipo sankabisa kuti amandiona ngati mlesi. Dzina langa analisiya, ankangonditchula kuti a Tasekani, poti ndiwo mawu amene ndimauza anthu powajambula. Tsiku lina anandinyoza pamaso pa ankhoswe ndi apongozi, amvekere mlongo wawo anakwatiwa ndi mlendo wodzadya mpunga. Ndinalongedza zovala ndi kamera, ndipo pochoka ndinalumbira kuti dzanja langa silidzagwiranso dzanja la munthu ameneyo. Banja linathera pomwepo. Mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, dzina lake Yankho, anatsala kwa amayi ake, poti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi.

Yankho ankabwera kudzandiona pa Boma nthawi ya holide. Anakula wamtali ngati ine, manja ataliatali, ndipo kusukulu anamuika mu timu ya mpira wamanja ngati womwetsa zigoli. Ankandisimbira za masewera awo mpaka kuiwala chakudya, koma ine ndinali ndisanamuonepo akusewera ngakhale kamodzi. Bwalo lawo lili ku Bwanje, ndipo ku Bwanje ndinali nditakulumbirira.

Tsiku lina, anthu atakolola mpunga, Yankho anandiimbira pa foni ya aphunzitsi ake.

"Ababa, tafika mu fainolo. Amayi akuti ndikangolemba mayeso tikupita ku Joni kwa bambo ondipeza. Mubwere mudzandijambule ndikumwetsa chigoli, ndikufuna ndipite nacho chithunzicho."

Ndinamulonjeza kuti ndibwera. Nkhani ya ku Joniyo ndinaimva koyamba tsiku limenelo, kuchokera pakamwa pa mwana. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti n'koyenera kundiuza.

Lenzi imene ndinali nayo inali ya maukwati ndi zithunzi za ziphaso, yosatha kukoka munthu ali patali. Ndinapita kwa a Dzonzi, bambo amene amabweretsa mafoni ndi makamera akaunjika kuchokera ku Joni. Anatulutsa malenzi awiri okwana pa kamera yanga komanso pa thumba langa. Ina inali yapakatikati, yakale, labala wake atayamba kusupuka, koma inkadzipezera yokha munthu n'kumuonetsa bwino ukangokhudza batani, ndipo inkalowetsa kuwala kokwanira. Inayo inali yaitali ngati munsi, yatsopano m'bokosi mwake, yotsikirapo mtengo pang'ono. Imeneyi inkafuna kuti uziipotokola ndi dzanja mpaka chithunzi chioneke, ndipo ukasuzumiramo munkachita kamdima.

"Achimwene, ana akamathamanga sadikira kuti mupotokole," anatero a Dzonzi. "Tengani yakaleyi, mukaime m'mphepete mwa bwalo. Bwalo la mpira wamanja ndi laling'ono, mukufuniranji yaitaliyi?"

Ndinawayankha kuti ntchito yanga ndimaidziwa. Ndinamangirira yaitali ija, n'kutuluka nayo panja dzuwa lili paliwombo. Ndinaloza chikwangwani cha tsidya lina la msewu, zilembo zonse zinaoneka. Ndinaloza mbuzi imene inagona pamthunzi kuseri kwa depoti, ndinachita kuona ndi ntchentche zomwe. Ndinawaonetsa a Dzonzi monyada, iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti chikwangwani sichisewera mpira.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Sindinasankhe lenzi ija chifukwa cha kutchipa, ngakhale kuti ndi zimene ndinkauza anthu. Ndinkadziwa kuti m'mphepete mwa bwalo ndi momwe mumakhala makolo, ndipo alamu anga sangalephere kubwera. Munthu wamkulu sungafike pagulu pali alamu ako ndi apongozi ako n'kungodutsa ngati galu. Umayenera kupita pamene akhala, kuvula chipewa, kunjuta, n'kupereka moni ndi manja awiri, anthu onse akuona. Ine zimenezo sindinazifune. Ndinkafuna lenzi yoti indiimike kutali, ndijambule mwana wanga popanda kugwira dzanja la munthu aliyense.

Tsiku la masewera ndinakwera minibasi, kenako kabaza, n'kutsikira patali ndi sukulu. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba za aphunzitsi mpaka ndinapeza chulu chokhala ndi mtengo pamwamba pake. Pamenepo bwalo lonse linkaoneka, koma anthu ake anali ting'onoting'ono. Alamu anga anali atafika kale. Anawatulutsira mpando wa mu ofesi, anakhala kutsogolo atavala jekete pa kutentha konse kuja kwa ku Bwanje.

Masewera ankayenera kuyamba anthu akangodya chamasana. Koma lole imene inanyamula timu ya alendo inachedwa panjira, ndipo pamene wezulo inkalira n'kuti dzuwa litapendekera kumapiri. Atsikana atangoyamba kuthamanga, fumbi linakwera. Ndinasuzumira mu kamera, munali mdima ngati m'nkhokwe. Lenzi inkalemera, ndipo ndikangopuma chithunzi chonse chinkagwedezeka. Ndinaitsamiritsa pa nthambi, osathandiza. Ndikamupeza Yankho n'kuyamba kupotokola, iye wapita kale kwina. Ndikamutsatira, ndapeza mitu ya anthu oonerera. Ndinkangodina batani mwachimbulimbuli, thukuta lili kamukamu, ndikudzilimbitsa mtima kuti pa zithunzi zambirimbirizo sipangalephere kupezeka chimodzi chabwino.

Mwana wanga anasewera tsiku limenelo. Akamwetsa chigoli, amayi ankaimba nthungululu n'kuthamangira m'bwalo kukamufupa, ena kumukupiza ndi zitenje, mpaka oimbira masewera kuwabweza. Bambo wa mtsikana wina analowa akuvina, chipewa chili m'manja, gulu lonse n'kuseka. Ndipo nthawi iliyonse imene anthu ankabwerera kunja kwa bwalo, Yankho ankatembenuka n'kumayang'ana m'gulumo, mbali iyi, mbali iyo. Ndinaona zimenezo ndi maso anga, ndipo ndinkadziwa amene ankamufuna. Miyendo inafuna kutsika pachulu paja, koma ndikayang'ana jekete ija, mtima unkauma.

Anapambana. Anthu anawanyamula atsikana aja m'mwamba, ndipo alamu anga anadzuka pampando n'kukamugwira Yankho paphewa. Ine ndinalongedza lenzi yanga n'kubwerera njira yomwe ndinadzera, ngati wakuba.

Nditafika kunyumba ndinatsegula zithunzi pa kompyuta. Choyamba mbuu. Chachiwiri mbuu. Ndinapitiriza mpaka chomaliza, ndikungoona mizukwa yovala yunifolomu, yopanda nkhope, ina manja atatu, ina yopanda mutu. Panalibe ndi chimodzi chomwe chimene munthu akanaloza n'kunena kuti uyu ndi Yankho. Chithunzi chimodzi chokha ndicho chinatuluka bwino, ndipo sindikumbuka n'komwe kuti ndinachijambula nthawi yanji. Anali alamu anga, atakhala pampando paja, manja atapinda pachifuwa. Pabwalo lonse lija iwo okha ndiwo sankagwedezeka. Imvi za m'ndevu zawo zinkachita kuwerengeka, ngakhale pini imene anamangira thumba la jekete inaoneka. Pa zaka zonse zimene ndagwira kamera, sindinajambulepo munthu bwino chotero.

M'mawa mwake ndinaimba pa foni ya amayi ake a Yankho, n'kupempha kulankhula ndi mwana. Ndisanamalize kumuyamikira anandidula.

"Simunabwere, ababa. Ndinakuyang'anani paliponse."

Ndinamuuza kuti ndinalipo, ndinaona zigoli zake zonse. Anandifunsa pamene ndinaima, koma bambo angamuuze bwanji mwana wake kuti anabisala pachulu? Ndinangoti adikire umboni. Ndinatumiza zithunzi zonse pa WhatsApp, ndipo chifukwa cha changu ndi manyazi, cha alamu chija chinapita nawo limodzi. Yankho lake linabwera madzulo.

"Enawa sindikuwadziwa, mwina ndine mwina si ine. Koma cha amalume chaoneka bwino. Zikomo."

Anapita ku Joni osadutsira pa Boma kudzanditsanzika. Ndinamva kwa anthu kuti alamu anga ndiwo anawaperekeza kokwerera basi. A Dzonzi atamva nkhaniyi anati ndibweze lenzi ija tisinthane ndi yakale ija, koma ndinakana. Ndikanajambula nayo ndani? Yankho mpira anasiya, akuti sukulu imene ali kumeneko bwalo lake lili kutali.

Ndimawawidwa mtima ndi alamu anga, sindibisa. Ndimawawidwa ndi amayi ake a mwana amene anamutenga osandiuza, ndiponso ndi mwambo umene umamuyesa bambo mlendo pa mwana wake yemwe. Koma onsewa palibe amene anandikweza pachulu paja. Ndinakwera ndekha, nditanyamula chinthu chimene ndinagula ndi ndalama zanga.

Tsono inu amene mukufuna lenzi yojambulira ana anu pa masewera, ndimvereni ine amene zinandionekera. Musakopeke ndi kutalika kwake kapena kuwala kwa bokosi. Yakale yodzipezera yokha munthu ndiponso yolowetsa kuwala iposa yatsopano yoti muzilimbana nayo ndi dzanja. Poiyesa musaloze chikwangwani masana. Dikirani dzuwa lipendeke, muloze wakabaza amene akuthamanga, chifukwa masewera a kwathu kuno sayamba pa nthawi yake. Ndipo mukaona kuti mtima ukukukokerani ku lenzi yaitali koposa, dzifunseni kuti mukuthawa kuima pafupi ndi ndani. Ngati pali munthu woti mumupatse moni, kam'patseni, moni satha ndi mphindi yomwe. Mwana safuna chithunzi chokha, amafuna akatembenuka akuoneni.

Pano Yankho ali ndi foni yakeyake. Ndikamulembera amayankha patapita masiku, mawu awiri kapena atatu. Nkhope yake ya masiku ano sindikuidziwa, chifukwa pa nambala yake sanaikepo chithunzi chake. Anaikapo cha amalume ake, chomwe chija ndinajambula ine.